Ketulo ya Teni Koloko

Pepalalo linafika patebulo la Sajeni Wallace Kalonjere Lachisanu m'mawa, litapindidwa kanayi, likununkha thukuta la m'thumba la tcheyamani wa chipani amene analibweretsa. Linali tsamba lomaliza la lipoti la ofesi ya alimi a mpunga, pepala lija lotuluka m'makina lokhala ndi timabowo m'mbali. Pamwamba panali mayina a alimi oyenera kulandira mbewu mvula isanagwe. Pakati pa tsambalo mayina analekeza mwadzidzidzi, ndipo panalowa mizere inayi ya Chitumbuka, imene kopolo wina wa pa polisipo anaitanthauzira ndi pensulo m'mbali mwake:

"mango a pakhomo apsa, wokwera palibe. Usawoloke Songwe tsopano, akufunsabe za iwe. Tsiku ukadzabwera usadzadzere kumsewu, udzadzere kumunda kwa amalume, ine ndidzasiya"

Mawu anadukira pomwepo, mayina a alimi n'kupitirira ngati palibe chachitika. Pansi pa tsamba makina anali atalemba okha dzina la mwini ntchitoyo, M. Mwanjasi, ndi nthawi yake, Lachiwiri teni koloko.

"Mu 1991 muno alipobe anthu oganiza kuti boma lili m'tulo," anatero Insipekitala, akudzipepesa ndi fayilo. "Uyu akulemberana ndi chigawenga cha kutsidya, mpaka kuchilozera njira. Mwanjasi ali m'chitokosi. Lolemba akakwera sitima ku Chilumba, wa kumwera. Inu mundipezere dzina la mnzakeyo basi. Mukandipatsa, pempho lanu lija ndisaina."

Pempholo linali lakuti abwerere kwawo ku Ntcheu, ndipo linali litagona m'dirowa ya bwanayo zaka zitatu. Mkazi wake Chrissie anayeserako kukhala ku Karonga miyezi isanu, koma kutentha ndi malungo zinam'gonjetsa, nabwerera ku Bilila ndi ana. Wallace ankamusowa mkazi wake mochititsa manyazi. Bambo wamkulu, wa ndevu zoyamba imvi, ankatha kuima pamsika n'kumayang'ana mbatata ya kachewere imene yabwera palole, pongoganiza kuti mwina yalimidwa kufupi ndi kwawo.

Anatenga chipewa. Opita kumwera pa milandu yotere ankadziwika tsiku lopita lokha.

*

Manase Mwanjasi anali mkulu wa mpingo, kalaliki wa zaka makumi asanu, ndipo ngakhale m'chitokosi anakhala atamanga batani la pakhosi. Nsapato anam'vula, koma anaika mapazi pamodzi ngati ali pamsonkhano wa sesheni.

"Tata Sajeni, ine kalata ya mango ndingalembere yani?" anafunsa. "Mkazi wanga tikugona nyumba imodzi zaka twente-thuu. Nkhani ikakhalapo ndimangotembenuka. Ndipo pakhomo panga mango palibe, pali nthochi zokhazokha. Tumani munthu akaone."

"Dzina lili pansipa ndi lanu, bambo Mwanjasi."

"Ena, inde, ndi langa, sindikukana. Lipoti ndi langa. Tcheyamani anabwera m'mawa kuti akufuna mayina pompopompo, galimoto ikulira panja. Ndinalamula makina, anayamba kulira, ine ndinatuluka kukamwa tiyi pakhonde ndi anzanga. Pobwera ndinangong'amba, kum'patsa, yeye ulendo."

"Osawerenga?"

"Munthu wa chipani akaima pakhomo, tata, mumawerenga?"

Manase anaweramira kutsogolo, mawu ake n'kutsika.

"Ine ndine Mnkhonde. Chitumbuka ndimayankhula pamsika ndi kuofesi. Koma ndikanakhala ndi m'bale wanga kutsidya, mtima ukundiwawa, ndikanam'lembera m'chiyankhulo cha amayi anga. Mwana wanga wamkazi Emma akukwatiwa Loweruka la mawa lino likapita. Ndiuzeni zoona, ndidzakhalapo?"

"Sindikudziwa," anatero Wallace, ndipo zinamuwawa kuti ananena zoona.

*

Ofesi ya alimi inali m'njira ya ku Mwenilondo, nyumba yamalata yokhala ndi khonde lalitali. Kompyuta inali ndi chipinda chakechake, ndipo ndiyo yokha inali ndi fani pa ofesi yonse, anthu akumapsa. Linali bokosi limodzi lalikulu ngati kafiriji. Kuchokera m'menemo zingwe zinkapita ku tizibokosi tagalasi tinayi tokhala ndi mabatani ngati a taipi, ndi chingwe china kupita ku pulinta, makina osindikiza aja, amene anali pafupi ndi khomo.

Woyang'anira zonsezi anali Hudson Mlenga, wophunzira ku Blantyre, woyankhula ngati akuthamangitsidwa.

"A Sajeni, ine ndasaka masiku awiri. Mawu amenewa mulibe. Lipoti la a Mwanjasi ndi ili, loyera. Mafayilo a anthu onse anayi ndatsegula limodzilimodzi, ngakhale ofufutidwa. Palibe anasunga mawu otere, olo mzere umodzi."

"Ndiye anachokera kuti? Makinawa ali ndi chibwenzi ku Tanzania?"

"Musaseke, bwana. Akalephera kupeza wolemba, atenga woyang'anira makina. Taonani, ndisindikize lipoti lomwelo muone nokha."

Anadinda batani, pulinta n'kuyamba kukwecha pepala ndi phokoso lake lolasa m'mano. Mayina a alimi anayamba kutuluka. Wallace ankayang'ana, koma khutu lake linali kukhonde, kumene mipando inali kukokedwa ndipo anthu anali kutuluka mmodzimmodzi.

Pamenepo panalowa nkhalamba ya yunifolomu ya khaki, ketulo yaikulu m'manja. Sinapereke moni kwa wina aliyense. Inawerama pakhomo, inazula pulagi ya pulinta, inalowetsapo ya ketulo. Pulinta inafa pakati pa dzina la munthu.

Wallace anayang'ana wotchi yake. Inali teni koloko ndendende.

*

"Ambokile ndine, mesenjala pano kuyambira ofesi ili ya udzu," inatero nkhalambayo, osaopa n'komwe. "Ndinakumba golide ku Joni, azungu enieni amwa tiyi wanga. Teni koloko ndi teni koloko, bwana."

"Bwanji osalumikiza ketuloyo pena?"

"Pena pati? Soketi inayo inapsa ndi mphenzi chaka chatha, mpaka lero akuti zipangizo zikubwera. Ya bokosi lalikululo Hudson anandilumbiritsa kuti ndisadzaikhudze. Yatsala ndi iyi. Madzi akawira ndimabwezera, makina amadzuka n'kupitiriza. Sanadandaulepo."

"Lachiwiri munazula?"

"Ndinazula. Anali akulira ngati leromu. Masiku ena nthawi ino amakhala ali chete, anthu akudziwa kuti ndikubwera."

Wallace anatembenuka kuti afunse Hudson, koma anam'peza atagwira mutu ndi manja onse awiri, maso ali pa pulagi imene inali gone pansi.

"Mayo ine," anatero Hudson motsitsa. "A Sajeni, khalani apa. Fulumirani, madzi asanawire. Lembani chilichonse."

"Ndilembe chiyani?"

"Chilichonse chimene chabwera. Musasunge, mungolemba basi."

Wallace anakhala pa kabokosi ka pakona. Taipi ya kupolisi ankaimenya ndi chala chimodzi, ndipo apanso anatero. Anafuna kulemba dzina lake ndi nambala yake ya ntchito, monga wapolisi aliyense wanzeru zake. Chala chinapita kwina. Ataona zimene zinaoneka pagalasi, anachita manyazi, nafunsa batani lofufutira. Hudson anam'lozera osayang'ana. Mawu anazimiririka.

Ketulo inalira. Ambokile anazula pulagi yake, nabwezera ya pulinta, natuluka ndi tiyi wake. Pulinta inadzuka, inakwecha mizere ingapo, n'kupitiriza mpaka kumapeto. Hudson anang'amba pepalalo, analiyang'ana, kenaka analipereka atatembenuzira nkhope kukhoma, ngati munthu amene walowa m'bafa muli wina.

Pakati pa mayina a alimi panali mawu akuti: "Chrissie ndakusowa. Kuno mvula sinagwe. Uwauze ana". Pansi pa tsamba panali dzina la H. Mlenga.

"Ndifotokozereni ngati mwana wa sitandade wani," anatero Wallace, akupinda pepalalo msangamsanga kuliika m'thumba la malaya.

"M'bokosimu muli pulogalamu yaikulu, timaitcha kenelo. Ndiye kapitawo wa zonse. Malo ogwiriramo ntchito m'makinamu ndi ochepa, ndiye iyeyu amagawa, ngati mmene timagawira zigawo pa sikimu ya mpunga. Pulinta ikamasindikiza, amaipatsa chigawo chake choikamo mawu odikira. Tsopano ikazima mwadzidzidzi, kapitawo amati uyu wachoka, n'kulanda chigawo chija kupatsa woyamba kupempha."

"Ndipo woyamba kupempha ndi amene akulemba nthawi imeneyo."

"Eya. Koma apa ndiye pali cholakwika. Kagawo ka kenelo koyendetsa pulinta sikafufuta nambala ya chigawo chija m'buku lake. Magetsi akabwerera, kamapita pa chigawo chomwecho, kukolola zimene kapezapo, n'kulemba dzina la mwini wakale. Sikafunsa kuti wabzala ndani."

"Koma ine ndinafufuta."

"Munafufuta pagalasi. M'chigawomo mawu amakhalabe mpaka wina adzalembe pamwamba pake. Amene analemba pulogalamuyi kwawoko sanaganizepo za ketulo."

Wallace anaima. Tsopano sankafunanso munthu wa m'bale kutsidya, pakuti theka la Karonga linali ndi abale kutsidya. Ankafuna munthu amene anali pa mabatani Lachiwiri, pakati pa kuzula ndi kubwezera. Anatuluka, nam'peza Ambokile akutsuka masipuni kuseri.

"Nthawi ya tiyi amatsala m'kati ndani?"

"Palibe. Tiyi wanga sasiyidwa." Nkhalambayo inaima kaye, sipuni m'manja. "Kupatula NyaGondwe, mayi Msiska, wa pa kabokosi ka pakona. Yekhayo ndimam'pititsira kapu patebulo, chibwerere makinawa. Amati ndiyo nthawi yake yopuma mutu. Koma chigwidwire Mwanjasi akutuluka nawo. Uyo wakhala kumapetoyo. Tiyi akungomugwira, sakumwa."

Wallace anasuzumira. Kumapeto kwa khonde kunali mayi wowonda, wa duku lobiriwira, kapu ili pamiyendo, maso ali kumpoto. Ambokile anazindikira mochedwa chimene pakamwa pake panachita.

"Bwana," anatero, "ine ndangonena za tiyi."

*

Fayilo ya Kenan Msiska, mwamuna wa mayi uja, anaipeza madzulo omwewo m'kabati ya kuseri, pansi pa mafayilo odyedwa ndi chiswe. Kenan anali mphunzitsi. Mu 1985 ananena mawu ena m'kalasi, wina anakawatula kumene anakawatula, ndipo Landirova ya polisi isanafike iye anali atawoloka Songwe. Dzina linali limenelo. Wallace akanangolilemba pakapepala, Manase akanatuluka, mayi wa duku lobiriwira akanakwera sitima, ndipo iyeyo Khirisimasi akanadyera ku Bilila. Asaname, anaganizira zimenezo nthawi yaitali, mpaka anaona m'maganizo mwake Chrissie akutuluka m'khitchini akupukuta manja pachitenje.

Kenaka anatembenuza tsamba lomaliza. Panali uthenga wa pawailesi ya polisi, wa pa 9 Malichi 1989. Unkati Kenan Msiska anamwalira ndi chifuwa chachikulu m'chipatala china kutsidya, ndipo anaikidwa konko. M'mbali mwake wina analemba ndi inki yofiira: "Mkazi asauzidwe. Tione amene azibwera kwa iye."

Amene analemba zimenezo anasamutsidwa kalekale, ndipo fayilo inaiwalika m'kabati. Wallace anakhala pansi pa simenti, fayilo pamiyendo. Pa zaka zake zonse za upolisi anaona mitembo, anaona ana obedwa, koma inki yofiira ija inamunyansa kuposa zonsezo.

Loweruka m'mawa anaika fayiloyo patebulo la Insipekitala pamodzi ndi sitetimenti ya Hudson. Bwanayo anawerenga, nkhope ikugwa pang'onopang'ono.

"Mukundiuza kuti chigawenga changa chinafa zaka ziwiri zapitazo?"

"Uthengawo ndi wathu womwe, bwana. Tikatumiza munthu kumwera, akaitanitsa fayiloyi. Akafunsa kuti tinamanga kalaliki chifukwa cha kalata ya namfedwa yopita kumanda, yotulutsidwa ndi ketulo."

Insipekitala ankaopa zinthu zambiri, koma kusekedwa ndi akuluakulu ankakuopa koposa. Anatseka fayilo.

"Mkaziyo akasaina kuti ankadziwa kuti mwamuna wake anafa, ndi misala ya chisoni, nkhani yatha, Mwanjasi apite. Akanena kuti ankalembera wamoyo, ndiye kuti mtima wake unali wothandiza chigawenga, akwera ndi iyeyo. Lolemba sitima sinyamuka yopanda munthu wanga popanda pepala limenelo." Anatsegula dirowa, anayang'anamo, anaitsekanso. "Ndipo dzina la munthu wakufa si limene ndinakutumani, Sajeni."

"Ndamva, bwana."

*

Nyumba ya mayi uja, Towera Msiska, ku Mwenilondo anaizindikira ndi mtengo wa mango. Unali waukulu, wolemedwa, ndipo pansi pake panali mango ogwa okha, ena ataphulika, ntchentche zili ng'waa. Dzuwa la masana linali loswa mtengo. Mayiyo anali pakhonde atavala zopitira kutchalitchi, ngakhale linali Loweruka, ndipo pambali pake panali kachikwama komanga kale.

"Monire, dada," anatero. "Ndimadziwa kuti mubwera. Mukanapanda kubwera, Lolemba ndikanakapezeka ku Chilumba ndekha. A Mwanjasi alibe mlandu. Ndinalemba ndine."

"Munkatumiza bwanji makalatawo, mayi?"

"Sindinatumizepo olo imodzi. Nditumize kuti? Keyala yake sindiidziwa. Papepala sindingalembe, apolisi anabwerapo kawiri kudzang'amba matiresi. Makina aja atabwera, Hudson anatiphunzitsa kuti chimene sunasunge chimatayika. Ndinati yewo, Chiuta wandipatsa pepala losagwidwa. Anzanga akatuluka ndimamuuza Kenan za tsikulo. Mbuzi yaswa, denga likudontha, amalume adwala. Ndikawerenga kamodzi, ndimafufuta. Mtima umapepuka mpaka mawa lake."

"Munati mudzasiya chiyani? Mawu anadukira pamenepo."

Towera anamwetulira pang'ono, ndipo Wallace anaona kuti kale anali mkazi wokonda kuseka.

"Zenera la kuseri losakhoma. Zaka sikisi sindinalikhomepo. Udzudzu wandidya chomene chifukwa cha bambo ameneyu." Anagwira kachikwama. "Tiyeni. Koma mundilole ndiuze a neba kuti Kenan akadzabwera adzam'patse kiyi."

Wallace anatulutsa sitetimenti imene anaimenya yekha ndi chala chimodzi, nam'patsa pamodzi ndi cholembera.

"Simukupita kulikonse, mayi. Mukasaina apa, inu mukhala, a Mwanjasi akaperekeza mwana wawo ku ukwati. Koma muwerenge kaye. Ndikupepesa, njira ina ndinaisowa."

Towera anayamba kuwerenga mokweza, monga amachitira anthu ozolowera kuwerengera anzawo. "Ine Towera Msiska, wa mudzi wa..." Anadumpha mzere, nabwerera. "Namfedwa wa malemu..."

Analeka. Anayang'ana Wallace, nayang'ananso pepala.

"Mwalemba chonchi kuti mundipulumutse," anatero. "Ndi nzeru yabwino, dada. Koma bodza lotere ndi tsoka, sindingamuphe ndi dzanja langa ali moyo."

"Si bodza, mayi. Zili m'fayilo yathu. Chinali chifuwa chachikulu. Anamwalirira m'chipatala, osati m'tchire, ndipo anaikidwa m'manda ngati munthu. Bodza lili papepalapo ndi limodzi lokha, lakuti inu munkadziwa."

Bango linagwa mumtengo, n'kugubuduka mpaka pafupi ndi khonde. Palibe analiyang'ana.

"Liti?"

"Pa 9 Malichi, 1989."

Milomo ya Towera inayenda osatulutsa mawu. Ankawerenga miyezi.

"Makina aja anabwera mu Juni chaka chomwecho," anatero. "Ndiye kuti ngakhale kalata yoyamba ija ndinailemba atapita kale."

Wallace anangogwedeza mutu. Mayiyo anayala pepalalo pabondo, nalisalaza ndi chikhatho kawiri, nasaina dzina lake lonse ndi zilembo zoongoka za mkazi wa mphunzitsi. Anabweza cholembera, nafunsa ngati a Mwanjasi atuluke lero lomwe, ndipo atamva kuti inde, anati zili bwino. Kenaka anamasula duku, naliika pambali.

"Pitani, dada. Mufike kaye kumsewu. Ndikayamba muli pano, anthu ati apolisi andimenya, ndipo mawa nkhani ikhala ina."

Wallace anatsika pakhonde, nadutsa pansi pa mango, akusamala kuti asaponde ogwawo. Anayenda kanjira ka pakati pa chinangwa osacheuka. M'thumba la malaya sitetimenti inagundana ndi kapepala kake kaja ka timabowo, kamene kanali kofewa ndi thukuta.

Atangoponda msewu, kulira kunayamba kumbuyo kwake, liwu limodzi lalitali loitana dzina la Kenan. Amayi anatuluka m'nyumba zoyandikana akumanga zitenje, akuthamangira ku mtengo wa mango, akufunsana kuti wamwalira ndani.